Akadzakuuzani Kuti Pitani Naye Kunyumba

Ana anga, pali mawu amene amadanitsa abale kuposa malire a munda. Ndi mawu aja amene dokotala amanena chapansipansi atakuitanirani pakhonde la wodi: "Mayi, matendawa afika patali. Ndi bwino mupite nawo kunyumba." Amene ali kuchipatalako ayamba kupinda zofunda. Asanamange n'katundu yemwe, foni yalira. Achimwene a ku Joni akuti musayerekeze, ndikutumiza ndalama, apititseni kuchipatala cha Queens. Achemwali a ku Bangwe akuti kwawoko kwabwera mneneri. Atsibweni kumudzi akuti bwerani naye kuno, matenda amenewo si achizungu. Onsewa amamukonda wodwalayo, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene wamufunsa.

Ine ndakulira ndi kukalambira kuno kwa Nsabwe. Pautsikana wanga ndinathyola tiyi, paukulu wanga ndinayenda ndi beseni ndi sopo m'makomo mwa odwala, m'zaka zija maliro ankachita kudikirana. Ndiye khalani pansi mumve, chifukwa ife tikutha, ndipo amene mudzaime pakhonde la wodi lija ndinu.

Thandizo la kuchipatala lili pawiri, ngakhale olipereka amavala zofanana. Loyamba ndi lolimbana ndi matenda kuti achoke, munthu abwerere kumunda. Mwana wakomoka ndi malungo, mayi woyembekezera mwana wapingasa, mnyamata wagwa pa njinga yamoto fupa latulukira kunja, wina chibayo chamubanikitsa: apo palibe zoitanitsa msonkhano wa banja. Thamangani naye kuchipatala cha Thekerani. Akakutumizani kuboma ku Thyolo kapena ku Malamulo, pitani. Akati ku Queens, pitani. Dilipi, magazi, okosijeni, opaleshoni, zonsezo anazikonzera munthu wotere, amene thupi lake lingadzuke akalithandiza kudutsa masiku ochepa oopsawo. Thandizo limeneli ndi lowawa, jakisoni usana ndi usiku, machubu m'mphuno, kugona pakati pa anthu osawadziwa, koma munthu amapirira chifukwa kutsogolo kuli kuchira.

Lachiwiri ndi la munthu amene matenda ake sadzachoka. Cholinga chake n'chakuti masiku amene amutsalira, kaya ndi masabata kaya ndi zaka, agone tulo, akhale waukhondo, asamabuule ndi ululu, athe kucheza ndi ana ake. Achipatala amalitchula kuti palliative care, ndipo kumaiko ena malo kapena gulu losamalira anthu amene ali kumapeto kwa moyo amalitcha hospice. Anthu akuno akangomva zimenezi amati, "Basi, amutaya." Sanamutaye ayi. Asiya kulimbana ndi chotupa chimene chawakanika, ayamba kulimbana ndi ululu, fungo, nseru ndi mantha, ndipo zimenezi kawirikawiri amazigonjetsa.

Ndisanapite patali ndikuchenjezeni, pakuti achinyamata mumathamanga. Si inu, si atsibweni, si abusa amene anganene kuti munthu uyu sachira. Ife a ku Thyolo tiyenera kudziwa zimenezi kuposa wina aliyense. M'zaka za m'ma 1990 munthu akaonda, tsitsi n'kupepuka, m'kamwa n'kuyera zilonda, abale ankangoyamba kufunsa mtengo wa matabwa. Madokotala a bungwe la MSF anafika m'boma lino mu 1997. Mu 2003 ma ARV anayamba kuperekedwa kuchipatala cha Thyolo, ndipo mu 2004 boma linayamba kuwagawa mwaulere m'dziko lonse. Tinaona ndi maso athuwa anthu amene anapita atawanyamula, miyendo ili lendelende, patatha miyezi ingapo akukankha njinga yodzaza mikoko ya nthochi kupita kumsika. Ena mwa iwo ndi makolo anu omwewa, lero ali ndi imvi ndipo akulera zidzukulu. Mpaka pano munthu amene anasiya kumwa ma ARV, kapena amene TB yamudya mwakachetechete, amaoneka ngati watha pamene mankhwala ake alipo. Ngakhale khansa yapakhungu ija yotupitsa miyendo, ya Kaposi, imagonja ndithu munthu akamamwa ma ARV mokhulupirika ndi kulandira mankhwala a khansa. Choncho aliyense apimidwe kaye: magazi, makhololo, chithunzi cha m'chifuwa, ndipo ngati pali chotupa adulepo kanyama akakaunike. Kumugoneka munthu m'nyumba kuti akudikira tsiku lake asanapimidwe, kumeneko ndi kumutaya kwenikweni.

Koma alipo matenda amene akafika patali sabwerera. Khansa ya khomo la chiberekero ndi khansa ya kummero zachuluka m'Malawi muno kuposa maiko ambiri a padziko lapansi, ndipo zonse ziwiri zimafika kuchipatala mochedwa. Mayi amataya magazi ndi madzi onunkha chaka chathunthu osauza munthu, akuchita manyazi, akuchapa nsalu zake usiku. Bambo amayamba kutsamwa ndi nsima, n'kusamukira ku phala, kenaka ngakhale thobwa limabwerera. Akamafika kwa madokotala aakulu chotupa chimakhala chitagwira kale ziwalo zina, mpeni sungachichotse chonse. Kwa zaka zambiri dziko lathu linalibe ngakhale makina owotchera khansa, moti amwayi ochepa ankatumizidwa ku Zambia, ku Tanzania kapena ku India. Ndipo makinawo, pamene khansa yafalikira thupi lonse, saichiza, amangoichepetsa ukali. Palinso khansa ya chiwindi, impso zimene zasiya ntchito, mtima wotopa, ndi sitiroko yobwerezabwereza mwa okalamba.

Inu atsikana, apa ndipatuke pang'ono. Khansa ya chiberekero ikapezeka ikungoyamba amaithetsa, ndipo kupimitsa kwake n'kwaulere, sikutenga nthawi. Kuyambira mu 2019 ana aakazi akulandiranso katemera woiteteza. Manyazi a mphindi zochepa pa bedi la namwino musawasinthanitse ndi zimene ine ndinaona m'nyumba za amayi anzanga.

Tsopano taganizirani chimene wodi imachita kwa munthu wosachira ndi banja lake. Chipatala cha boma n'chaulere, inde, koma galimoto yochoka kuno kukafika ku Blantyre si yaulere, ndipo wodwala sayenda yekha. Makala a kugadiyani si aulere, ndiwo si zaulere, sopo si waulere. Wodwazika amagona pansi, nsana kuuma. Matenda akagwa m'dzinja, pamene tiyi waphukira ndipo m'maesiteti mwatseguka ntchito, amene ali kuchipatala wataya malipiro a nyengo yokhayo imene ntchito imapezeka, kumunda nako udzu wakwirira chimanga. Kenaka mbuzi ipita, njinga ipita, malata apita, ngongole ya banki m'khonde ikula, mapeto ake munda aupinyolitsa kwa wakatapila. Kuno kumene malo abwino anatha kalekale ndi tiyi, kumene nthochi zimene zinkatiwombola zinapita ndi chisaka, banja likataya kamunda kake silidzakapezanso. Si zongoona ine ndekha. Dr Jane Bates ndi anzake anatsatira mabanja a odwala khansa yofika patali ku Blantyre, ndipo zimene anafalitsa mu 2021 zinaonetsa kuti ambiri mwa mabanjawo anawononga ndalama zopitirira mphamvu zawo, ena mpaka kukongola ndi kugulitsa katundu.

Musandimve molakwa. Sindikuti moyo wa mayi anu muuyeze ndi mbuzi. Ngati mbuzi ingagule kuchira, gulitsani khola lonse. Chimene ndikukana ndi kupinyolitsa munda kuti mugule masabata atatu a jakisoni wosachiza, mayi akulira usiku uliwonse kuti ndiperekezeni kwathu.

Kudwazika ife tinkadziwa kale, sitinachite kuphunzitsidwa ndi azungu. Chimene tinalibe ndi mankhwala a ululu ndi nzeru ya kaperekedwe kake. Mayi wina wa ku England, Cicely Saunders, amene anali namwino asanakhale dokotala, anatsegula St Christopher's Hospice ku London mu 1967. Iye anaphunzitsa kuti mankhwala a ululu aziperekedwa pa nthawi yake ululu usanabwerere, ndiponso kuti munthu wodwala kwambiri samva kuwawa m'thupi mokha, amawawidwanso ndi nkhawa ya ana, ngongole, mikangano yosatha ndi mafunso ake kwa Mulungu. Muno mu Africa hospice yoyamba inali Island Hospice ya ku Harare mu 1979, kudziko kumene agogo anu ambiri anatchona. Mu 1993 Dr Anne Merriman anayambitsa Hospice Africa Uganda, ndipo anafalitsa njira yotsika mtengo yosungunula mofini waufa, mankhwala amphamvu a ululu, m'madzi kuti wodwala azimwa ali pakhomo pake. Kuno kwathu, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ku Queens kunayamba gulu la Umodzi losamalira ana, ndipo mu 2003 kunatsegulidwa kiliniki ya Tiyanjane ya akuluakulu. Ku Salima namwino wathu Lucy Finch anakhazikitsa malo osamalira odwala otere a Ndi Moyo. Bungwe loona za palliative care la PACAM linabadwa mu 2005, ndipo mu 2014 boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko ya chisamaliro chimenechi. Lero m'zipatala za m'maboma ndi zamishoni, monga Mulanje Mission oyandikana nafe, muli anamwino ndi madokotala amene anaphunzira ntchitoyi.

Ku London anamanga nyumba ya mabedi. Kuno nyumba yotere musavutike kuifunafuna. Hospice yathu ndi nyumba yanu yomweyo, mphasa yanu ndi manja anu, kuphatikizapo namwino amene amakudziwani ndi botolo la mankhwala limene silikutha. Ndipo si chinthu cha sabata yomaliza yokha. Munthu angathe kulembetsa ku palliative akumwabe ma ARV, akulandirabe mankhwala a khansa, akupitabe kumsika. Amene amayamba msanga ndi amene amapindula kwambiri. Mankhwala ake akale musamusiyitse pokhapokha achipatala atanena.

Nanga mudzadziwa bwanji kuti wodwala wanu ali mbali iti? Funsani. Safunsa anadya phula. Ife tinaleredwa kuti dokotala safunsidwa, umangoti "zikomo adokotala" n'kutuluka usanamve kanthu. Inu munapita kusukulu, ndiye funsani, mwaulemu koma momveka. Adokotala, matendawa dzina lake n'chiyani? Mankhwala mukuperekawa ndi ochiza kapena ongochepetsa? Tikapita ku Queens akachita chiyani chimene kuno simungathe, ndipo chikamuthandiza motani? Funso limenelo musalidumphe, chifukwa nthawi zina ulendo umakhala woyenera ngakhale munthu sachira. Wa khansa ya kummero amatha kumuika kachubu kotsegula njira kuti amezenso phala. Wa mimba yodzaza madzi amamupopa n'kuyamba kupuma bwino. Wotha magazi amamuwonjezera n'kupeza mphamvu zokhalira tsonga. Zimenezo n'zopita, kuchitidwa, n'kubwerako. Pomaliza mufunse kuti, "Akanakhala mayi anu mukanatani?" Ndaona madokotala ouma nkhope akufewa ndi funso limenelo. Zimene ayankhe azilembe m'buku la kuchipatala, kuti achimwene a ku Joni akamakutsutsani muwajambulire tsambalo pa foni adziwerengere okha.

Ndipo musatuluke pageti ndi zofunda zokha. Musanachoke pemphani kuti akuonetseni a palliative. Tengani mankhwala, tsiku lobwereranso, nambala ya foni ya namwino ngati alola, ndi kalata yokapereka kuchipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwanu. Mukafika kumudzi dziwitsani alangizi a zaumoyo a dera lanu. Kubwerera kunyumba kopanda zimenezi ndi kumene kunaipitsa dzina la mawu akuti "pitani naye kunyumba," chifukwa anthu anamva abale awo akukuwa usiku wonse popanda ngakhale panado.

Tsopano ndifike pa chovuta kwambiri, chimene ngakhale akuluakulu anzanga sagwirizana nane. Tili ndi chizolowezi chobisa. Dokotala auza gadiyani, gadiyani auza atsibweni, atsibweni auza akazi awo, mudzi wonse udziwa, mwini thupi yekha ndiye akuuzidwa kuti "muchira agogo, limbani mtima." Timati tikamuuza afa msanga ndi maganizo, kapena anthu adzati tikumufunira imfa. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Odwala amene ndinawasambitsa ankadziwa. Ankandiuza ine mlendo, ana awo atatuluka kukatunga madzi, kuti "ine ndikudziwa kuti sindidzuka, koma anawa musawauze, angalire." Ana nawo panja akundinong'oneza kuti "amayi musawauze." Ndiye onse ali chete kutetezana, ndipo mawu amene akanakambirana, za munda, za ana amasiye, za kupepesana, amapita nawo kumanda.

Sindikuti mukangofikira kumuuza mosasamala. Khalani naye pansi, mufunse: "Amayi, inu matendawa mukuwaona bwanji? Mukufuna adokotala akuuzeni zonse, kapena aziuza ife?" Ena amafuna kumva zonse, ena amati uzani mwana wanga wamkulu, ndipo onsewo ali ndi ufulu wotero. Wina adzati ndiperekezeni kwathu. Wina adzati yesani chilichonse chimene chatsala, ndipo ameneyonso mumumvere, mutamuuza zoona za chimene thandizolo lingathe ndi chimene silingathe. Ntchito ya mwinimbumba ndi kusonkhanitsa abale kuti amve chimene wodwala wanena, osati kumulankhulira iye akadali ndi pakamwa.

Kuno kwathu kwa chikamwini palinso china. Bambo akadwalitsa, alongo ake amabwera kudzamutenga kuti akatsirizikire kwawo. Mkazi amene wakhala naye zaka zonsezi, amene akudziwa mbali imene amagonera ndi phala limene amakonda, amatsala akuyang'ana, ana osamuonanso bambo wawo. Mwambo ndimaulemekeza, koma apa mufunseni mwini wake kumene akufuna kugona. Za kumene adzaikidwe ndi nkhani ina, ili ndi tsiku lake.

Za mofini mumve bwino, pakuti mabodza achuluka. Achipatala amayamba ndi mankhwala ofooka monga panado, ululu ukakula amakweza, mpaka kufika pa mofini. Amabwera wamadzi m'botolo kapena wamapiritsi. Anthu amati ndi mankhwala omalizitsa munthu. Bodza limeneli linabwera chifukwa kale ankamupereka munthu atatsala maola ochepa, ndiye akamwalira abale ankaloza botolo. Akaperekedwa pa muyeso umene namwino wanena sapha, ndipo sasandutsa wodwala chidakwa cha mankhwala. Ndaona anthu akumwa miyezi yambiri akuyenda, akupita kutchalitchi, akusankha nandolo pakhonde. Wamadziyo amamwedwa maola anayi aliwonse, osadikira kuti munthu ayambe kubuula, chifukwa ululu ukabwerera umavuta kuugonjetsanso. Masiku oyamba wodwala amasinza, ena amachita nseru, koma zimenezo zimatha. Chimene sichitha ndi kudzimbidwa, choncho musachoke kuchipatala popanda mankhwala ofewetsa m'mimba, ndipo mapapaya akupsa asamasowe. Musawonjeze muyeso panokha, musasiye mwadzidzidzi, musagawireko mnansi amene dzino likumuwawa, ndipo botolo likhale pamwamba pamene mwana sangafike. Mukatenge lina loyambalo lisanathe. Mukudziwa mmene misewu yathu ya m'mapiri imakhalira mvula ikagwa, ndipo nthawi zina mankhwala amachedwa kufika m'zipatala.

Zotsalazo ndi ntchito ya manja. Munthu wogona chigonere mumutembenuze maola awiri aliwonse, muziyang'ana m'chiuno, kumsana ndi zidendene, pakuti pamene pafiira lero mawa pali chilonda. Pansi pa chitenje yalani pulasitiki, chikanyowa sinthani msanga. Chilonda muchitsuke ndi madzi owiritsa othira kamchere pang'ono. Chikamanunkha musamusamutsire munthu kukhitchini, uzani namwino, ali ndi mapiritsi amene amawapera n'kuwaza pachilonda fungo n'kutha. M'kamwa muzimupukuta ndi kansalu koyera. Magolovesi akasowa, majumbo osabooka amagwira ntchito.

Pa chakudya ndiye timalakwitsa ndi chikondi. Ife munthu akakana nsima timamva ngati wakana ifeyo. Koma thupi likamafika kumapeto limasiya lokha kufuna chakudya, ndipo njala imene inu mukumumvera iye sakuimva. Kumukakamiza phala ali chagada kumangolilowetsa m'mapapo. Mupatseni chimene wapempha, pang'onopang'ono, atakhala tsonga, kaya ndi tiyi, kaya ndi kachidutswa ka chinanazi kongoyamwa. Akakana musiyeni. Ambiri amathamangira dilipi poganiza kuti ndi chakudya. Dilipi ndi madzi a mchere kapena a shuga pang'ono. Kwa wotsekula m'mimba ndi moyo, koma kwa munthu amene impso ndi mtima zatopa imangotupitsa miyendo ndi kudzaza madzi m'chifuwa.

Kukhala kunyumba sikutanthauza kuti chipatala mwatsanzikana nacho. Munthu wa khansa amadwalanso malungo ngati wina aliyense, ndipo malungowo ndi ochizika. Akatentha thupi, mkodzo ukatsekeka, akathyoka fupa, miyendo ikafooka mwadzidzidzi, akayamba kutaya magazi ambiri, akamasanza mankhwala onse, kapena ululu ukakana muyeso umene anapatsidwa, imbani foni kapena pitani naye. Zimenezo n'zokonzeka, ndipo zikakonzedwa mubwerere kwanu.

Matenda akakana mankhwala, anthu amafuna munthu woti amuloze chala, ndipo kawirikawiri chalacho chimagwera gogo wosauka wa kumapeto kwa mudzi. Ana anga, khansa ya chiberekero imayamba ndi kachilombo kotchedwa HPV, ya chiwindi nthawi zambiri imatsatira matenda a chiwindi a nthawi yaitali kapena mowa. Palibe anaitumiza. Kunenera munthu ufiti ndi mlandu pa lamulo la dziko lino kuyambira mu 1911, ndipo kumasiya chidani chimene chimakhala zaka wodwalayo ataiwalika kale. Chenjeraninso ndi ogulitsa chiyembekezo, a mabotolo a zitsamba zochiza matenda onse, ndi aja amati tayani mankhwala muonetse chikhulupiriro. Pemphero ndi lofunika, ine ndimapemphera. Amayi a Mvano, a Dorika, a mpingo uliwonse wa wodwalayo abwere, aimbe, atunge madzi, asese pabwalo. Koma wopempherera amene amayamba ndi kutchula mtengo mumuperekeze kunjira. Ndipo ozonda asadzaze chipinda tsiku lonse, wodwala amatopa ndi kuyankha "mwadzuka bwanji" wa mudzi wonse.

Inu a ku Joni, a ku Lilongwe, a ku Blantyre, ndikudziwa chimene chimakupwetekani. Muli kutali, mtima ukukutsutsani, ndiye mumalamula chipatala chodula kuti mumve kuti mwachitapo kanthu. Amene akusintha zofunda usiku ndi mlongo wanu wa kumudzi, ndipo mawu ake alemere kuposa anu ngakhale ndalama ndi zanu. Tumizani ya matiresi, ya sopo, ya shuga, ya njinga yamoto yokatengera mankhwala mwezi ndi mwezi, ya waganyu wopalira munda wa wodwazikayo. Ndipo ngati mungathe kubwera kamodzi kokha, bwerani akadali moyo. Ndatopa kuona bokosi lonyezimira likutsika pagalimoto pakhomo pamene malemu ankagona pa mphasa yong'ambika.

Kudwazika musamusiyire munthu mmodzi. Kawirikawiri katundu yense amagwera mtsikana, amamutulutsa sukulu ali Fomu 2, matenda akatha iye sabwereranso m'kalasi. Gawanani masiku. Anyamata, kusambitsa bambo anu ndi ntchito yanu, ndipo bamboyo amamasuka m'manja mwa mwana wamwamuna kuposa mwa mpongozi. Wodwazika nayenso agone, adye, apite kutchalitchi. Akapsa mtima tsiku lina musamuweruze, watopa.

Wodwala akadali ndi nzeru zake, nkhani ya katundu ikambidwe. Kuyambira mu 2011 dziko lino lili ndi lamulo la chuma cha masiye limene limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Koma lamulo limagwira bwino pamene mwini wake ananena yekha. Alembe kapena alembetse zofuna zake, asayine pamaso pa mboni ziwiri zimene sizidzalandirako kanthu. Za malire a munda anene amfumu ali pomwepo. Ngati anagwirapo ntchito kuesiteti, mapepala a penshoni ndi dzina la wodzalandira zionedwe iye akadatha kuyankha mafunso. Ana aang'ono adziwe amene adzawalere, ndipo musawathamangitse m'chipinda ngati kuti matenda a kholo lawo ndi chinsinsi cha akuluakulu. Mwana amene analoledwa kupatsira mayi ake madzi amalira mosiyana ndi amene anangodzidzimuka ndi nyimbo za pasiwa.

Masiku omaliza ali ndi zizindikiro zake, ndipo mukazidziwa simudzachita phuma. Munthu amagona nthawi yaitali, amasiya kumwa, mkodzo umachepa, manja ndi mapazi zimazizira. Mpweya umayamba kudukiza, kupuma, kuima, kuyambiranso. Pakhosi pamamveka phokoso la malovu amene sakutha kuwameza. Phokosolo limavutitsa omva kuposa mwini wake, ingomugonekani chammbali. Milomo muziinyowetsa ndi kansalu. Akalephera kumeza, funsani namwino mmene mungapitirizire mofini, musangosiya. Muzimulankhula, mutchule amene wafika, pakuti makutu amachedwa kutseka, ndipo za maliro mukakambire panja.

Pa ola limenelo pamapezeka wina wofuula kuti tifune galimoto, tisangomuyang'ana. Ngati munakambirana kale ndi achipatala ndi mwini wake, mugwireni dzanja ameneyo mumukhazike pansi. Ambiri amene amanyamulidwa pa nthawi imeneyo amatsirizikira panjira, atamangidwa ndi chitenje pa njinga yamoto pakati pa anthu awiri, kapena pa benchi la chipatala asanalembedwe n'dzina lomwe, ndipo banja limayamba kufunafuna ndalama yobwezera thupi kumudzi.

Maliro akatha, mofini wotsala mukabweze kuchipatala, musamusunge m'nyumba. Mukamuuze namwino uja mmene zinathera, amafuna kudziwa. Ndipo popeza mwafika kale pachipatalapo, amayi ndi atsikana amene mwapita nawo alowe akapimitse khomo la chiberekero tsiku lomwelo, asadikire ulendo wina.